Tsiku limene ball joint inandinyamula

Chithunzi chija chimene mwana wa mlongo wanga anandijambula ndikukonza galimoto mwachiona kale, ndiye tisanamizane. Inde, munthu walendewera pa paipiyo, mawondo ali pachibwano, ndine ndemwe. Koma amene anajambulayo sadziwa n'komwe kuti ball joint, kamfundo kachitsulo kamene kamalola tayala kukhota ndi kukwera n'kutsika, imakhala mbali iti ya galimoto, choncho imvani kwa mwini nkhani.

Poyamba zonse ndinachita mwadongosolo. Galimoto inkagogoda kutsogolo pa mabampu, tayala lakumanja likutha mbali imodzi. Nditaikweza ndi jeke n'kuikhazika pa ma stand, ndinagwira tayala pamwamba ndi pansi, kuligwedeza, likusewera. Ball joint ya m'munsi yatha. Ndinazula split pin (kawaya kotsekera nati kuti isamasuke), kumasula nati n'kuisiya pa mazinga atatu kuti zinthu zisadumphe, kenako kumenya hamala m'mbali mwa knuckle (chitsulo chimene tayala limamangidwapo), osati pa mutu wa mazinga, mpaka ball joint inalekana nayo. Control arm, mkono wachitsulo umene ball joint imakhalamo, ndinaichotsa yonse kuti ndikagwirire pa benchi. Ngakhale circlip (kamphete kotsekera ball joint kuti isatuluke), imene ambiri amaiwala chifukwa imabisala pansi pa mphira ndi dzimbiri, ine ndinaichotsa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti simukuseka munthu wamba.

Press yotulutsira ball joint mu arm ndinachita kubwereka. Kwa amene simunaionepo, ndi chitsulo cholemera chopindika mwa chilembo C, mbali imodzi kuli bawuti yaikulu yokankhira, mbali inayo mumaikako chikapu cholandirira. Ball joint yotere imatulukira mbali imodzi yokha, kumene kuli mlomo wake wotambalala umene umatsamira pa arm. Ndiye chikapu chiyenera kukhala chachikulu kuposa mlomowo, chikhale pa chitsulo cha arm, ndiponso chikhale chakuya kuti ball joint ipeze kogwera. Nkhani yonse yagona pamenepa.

M'bokosimo munali zikapu zofanana nkhope, zosiyana ndi mamilimita ochepa chabe, manambala ake atafufutika kalekale. Ndinatola chimodzi, kuchiyesa, chinakhala bwinobwino osagwedera. Ndinasangalala. Sindinadziwe kuti chakhazikika chonchi chifukwa chakhala pa mlomo wa ball joint yeniyeniyo. Dzimbiri ndi matope zinali zitamata malire a mlomo ndi arm, moti ngakhale inu mukanaona chitsulo chimodzi. Kunena mwachidule, bawuti inkakankha ball joint kuchokera uku, chikapu chikuitsekereza kuchokera uko. Arm inangokhala pakati ngati mboni.

Ndinamanga press mu vaisi, kupaka girizi pa mazinga, kuthira mafuta olowerera mu dzimbiri, n'kuyamba kupotokola. Zii. Ndinatenga chogwirira chachitali. Zii. Apa munthu wanzeru amamasula n'kuyang'ana. Ine ndinati dzimbiri ili silikundidziwa, ndipo ndinakatenga paipi ya mita imodzi ndi theka.

Tiwerengere limodzi. Munthu wa makilogalamu 80 akalendewera kunsonga kwa paipi yotalika chonchi, pa bawuti pamafika mphamvu ya pafupifupi 1,200 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yopotokola). Manati a tayala la galimoto yaing'ono amamangidwa cha m'ma 110 Nm. Ndiye kuti ndinali kupereka mphamvu yomangira matayala a msewu wonse, pa kanthu kokwana m'dzanja.

Ndinatsamira, paipi osatsika. Ndinanyamula phazi limodzi. Ndinanyamula linalo. Ndipo ndinapezeka ndili m'malere, ndikulendewera ngati mleme wosadziwa kuti kunja kwacha. Anzanga, kumwamba kuja kuli mtendere. Ndinaona fumbi la pamwamba pa shelefu limene sindinalionepo chibadwire. Ndinapeza ndi maso sipanala ya 10 imene ndinaiyimbira kale nyimbo ya maliro. Ndinayamba kudzikankha pang'onopang'ono, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, ndipo paipi inkandibweza mwaulemu. Press inayamba kulira kamawu kakang'ono, tiii, ine n'kumati eya, yayamba kugonja. Ndinafika poilankhula ball joint, kuiuza kuti tonse ndife akuluakulu, tisachititsane manyazi. Nthawi imeneyi ndi imene mwana wa mlongo wanga analowa ndi foni. M'malo moti afunse ngati amalume ali bwino, anasuntha kaye kuti apeze kuwala kwabwino.

Kulira kuja sikunali kwa ball joint. Chinali chitsulo cha C chikuyasamula. Chitatanuka, bawuti inapendekeka, chikapu chinathawa n'kukamenya chitseko, ndipo ine ndinatera pansi ndi mbali ya thupi imene ilibe shock absorber. Ball joint inali pomwe inali, osasuntha ngakhale milimita imodzi.

Nditatsuka ndi bulashi ya waya, malire a mlomo anaonekera poyera. Ndinaika chikapu chachikulu, ndipo ndi press yachiwiri, yobwerekanso, ball joint inalira kamodzi, thwa, n'kutsetsereka ndi dzanja limodzi. Zinandipweteka kuposa kugwa kuja.

Kulowetsa yatsopano ndinachita mosamala kwambiri. Bowo la arm ndinalipala mpaka kuwala, chifukwa kachidutswa ka dzimbiri kamapendeketsa ball joint, ndipo ikalowa chopendekeka imakulitsa bowo, arm n'kutayika. Chikapu cholowetsera chiyenera kukankha mlomo wakunja, osati chivundikiro chapakati, apo ayi mwaphwanya za m'kati musanayende n'komwe. Mphira ndinayamba ndaivula kuti isatsinidwe. Ndinkapotokola pang'ono, kuyang'ana mbali zonse, kupotokolanso, mpaka mlomo unagunda pa arm ndipo kanjira ka circlip kanaonekera konse. Nati ndinamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo wa m'buku la galimotoyo, ndipo bowo la split pin litapanda kulunjika ndinamangitsa pang'ono kupita kutsogolo, chifukwa nati imeneyi sabweza m'mbuyo. Mabawuti a mabushi a arm ndinawamaliza galimoto itatsika pansi, kuti mphira zake zisakhale zopotoka. Kenako alignment, kuwongola matayala.

Mwini press yoyamba ija ndinamubwezera ili m'bokosi, lotseka bwino. Wandiimbira kufunsa chifukwa chake bawuti ikuloza kumbali. Ndamuuza kuti zitsulo za masiku ano n'zofewa. Ball joint ya kumanzere nayo yayamba kugogoda, koma pang'ono chabe.