Zimene ndikuphunzira kwa Mayi Deborah Jowitt pa kulemba za magule

Teremu ino, m'kalasi yathu ya utolankhani wa zaluso, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe mlembi mmodzi woti amuwerenge mozama. Ine ndinasankha Mayi Deborah Jowitt a ku America, chifukwa anagwira ntchito zimene ambiri timaziona ngati zosayenderana: kuvina pa siteji, kupeka magule, kulemba m'nyuzipepala ndi kuphunzitsa pa yunivesite.

Mayi Jowitt anabadwa mu 1934 ku Los Angeles. Anayamba ngati wovina, kenako n'kumapeka magule awoawo ku New York, ndipo anali m'gulu la ovina a ku Dance Theater Workshop, malo amene anatsegulidwa mu 1965 kuti opeka magule ongoyamba kumene azipeza poonetsera ntchito zawo. Mu 1967 anayamba kulemba za magule mu Village Voice, nyuzipepala ya ku New York imene inkatuluka sabata ndi sabata, ndipo analembamo mpaka 2011. Kuyambira mu 1975 ankaphunzitsanso ku Tisch School of the Arts, ku New York University.

Chimene chandigwira mtima ndi kalembedwe kawo. Safulumira kunena kuti gule anali wabwino kapena woipa. Amayamba akuuzani zimene thupi lachita: wovina anaponda ndi mphamvu yanji, anatembenukira kuti, anaima nthawi yaitali bwanji asanagwe, mnzake anamuwakha kapena anamusiya. Mukamamaliza kuwerenga, maganizo awo mumakhala mwawamva kale, koma mwawamva muli ndi umboni m'manja.

Nditawerenga mbiri ya nthawi imene anayamba kulemba ndinamvetsa chifukwa chake. Mu 1962 ku New York kunayamba gulu la Judson Dance Theater, limene linkavinira m'tchalitchi cha Judson Memorial. Opeka magule ngati Yvonne Rainer, Steve Paxton ndi Trisha Brown ankaika pa siteji kuyenda wamba, kuthamanga, kunyamula katundu. Wolemba wozolowera malamulo a ballet, gule wa pa siteji wochokera ku Ulaya, akanangoti apa palibe gule, nkhani n'kuthera pomwepo. Pankafunika munthu wofatsa maso, woyamba wafunsa kuti anthuwa akufuna kuchita chiyani, asanafunse ngati akwanitsa. Mayi Jowitt ankatha kufunsa choncho chifukwa nawonso anali atatulukapo thukuta m'chipinda chokonzekera gule.

Apa mpamene ndaona kuti ntchito zawo zinkadyetsana. Taganizirani kavinidwe ka Martha Graham, wovina ndi wopeka magule wa ku America amene anamwalira mu 1991. Maziko ake ndi mpweya: potulutsa mpweya mimba imalowa m'kati, msana n'kupindika, ndipo pokoka mpweya thupi limatambasukanso. Woonera ali pampando angaone munthu akuwerama basi. Amene anaphunzirapo kuvina amadziwa kuti kuweramako kumayambira m'chiuno, osati m'mapewa, ndipo akalemba amatchula malo oyenera. Mayi Jowitt anatulutsa buku la mbiri ya Graham mu 2024, ali ndi zaka 89. Mu 2004 anali atalemba kale mbiri ya Jerome Robbins, amene ankapeka magule a m'zisudzo za ku Broadway, dera la maholo a zisudzo ku New York, komanso a gulu la ovina la New York City Ballet. Kulemba za munthu wotere kumafuna wodziwa mbali zonse ziwiri, chifukwa m'sewero gule amayenera kukankha nkhani kuti ipite patsogolo, pamene mu ballet gule amatha kuima payekha. Ndikaganiza za ana asukulu a Mayi Jowitt, ndimasirira: ankaphunzira mbiri ya magule kwa munthu amene dzulo lake madzulo anali m'holo akuonera, cholembera chili m'manja.

Mu 2011 anasiya kulemba mu Village Voice atasemphana maganizo ndi mkonzi amene ankafuna kuti azidzudzula kwambiri. Nkhani imeneyi tinaitsutsana kwambiri m'kalasi. Anzanga ena anati mkonziyo ankanena zoona: wolemba amene anavinapo ndi anthu omwewo amene akuwalemba amakhala ndi manyazi, ndipo wowerenga amene akufuna kudziwa ngati tikiti ndi yoyenera ndalama zake sathandizika. Mfundo imeneyi sindiitaya, makamaka kuno kwathu kumene ochita zisudzo, ovina ndi atolankhani timadziwana tonse ndipo timakumana pamaliro ndi paukwati. Komabe ine ndili kumbali ya Mayi Jowitt. Kulemba kuti gule anali wosakoma n'kosavuta, ndipo wovina saphunzirapo kanthu. Kulemba kuti mzere wakumbuyo unkachedwa kutembenuka nthawi zonse ng'oma ikasintha, kumeneko n'kudzudzula kumene munthu sangakukane, komanso angakugwiritse ntchito mawa pokonzekera.

Palinso china chimene chimandipweteka. Gule akatha, watha. Nthawi zambiri nkhani za magule zimene ndimawerenga kwathu kuno zimatiuza mlendo wolemekezeka anali ndani, analankhula zotani, anthu anadzaza kapena ayi, kenako mzere umodzi woti magule osiyanasiyana anasangalatsa anthu. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu ndi vimbuza mu 2005, tchopa mu 2014, koma mdzukulu wathu akadzatsegula nyuzipepala zakale adzapeza mayina a magule popanda mapondedwe ake.

Pa ntchito yomaliza ya teremu ndinalemba za mganda umene ndinaonera kumudzi. Ndinadziletsa kulemba mawu akuti "okongola" ndi "osangalatsa". Ndinalemba za mizere yowongoka yokumbutsa perete wa asilikali, kumene guleyu anatengera zambiri, za masokosi oyera ofika m'mawondo, za mmene ovina amasungira msana chilili miyendo ikugwira ntchito yonse, ndi mmene mawu a zikho zoimbira amalowera pansi pa nyimbo. Pofika pofotokoza mmene mzere wonse umatembenukira pamodzi, maso okha sanandikwanire: ndinkaona kuti zachitika, koma chizindikiro chimene amatsatira sindinkachigwira. Ndapempha atsogoleri a gululo kuti patchuthi chikubwerachi andilole kuima kumapeto kwa mzere akamakonzekera, ndipo avomera, bola ndizifika pa nthawi yake ngati wina aliyense.