Pampu yomwe inatilanda chiwongolero tikupita ku Mindelo

Kuchoka ku Las Palmas, ku zilumba za Canary, kukafika ku Mindelo, pachilumba cha São Vicente ku Cape Verde, ndi mamailosi apanyanja pafupifupi 850. Za mtunda umenewo ndilibe zambiri zonena. Mphepo inkatikankha kuchokera kumbuyo, nsomba zouluka zinkagwera m'boti usiku, basi. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi pampu.

Botilo silinali langa, ine ndinali wongothandiza. Mwini wake anali atadzilumikizira yekha makina ochotsa mchere m'madzi, amene apanyanja amawatchula kuti watermaker, ndipo ankawanyadira kwabasi. Munali membrane (chosefera chimene chimadutsitsa madzi n'kutsekereza mchere) imodzi yotalika mainchesi 40, masefa awiri, ndi pampu yamphamvu yozungulitsidwa ndi mota ya AC yomwe inkakoka magetsi m'mabatire kudzera pa invata, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala a AC, onga a m'nyumba. Padoko, titalumikiza chingwe cha magetsi a kumtunda, zinkayenda ngati loto.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, bwanayo anati tipange madzi poti sola ikudzaza mabatire. Anagwada pansi pa sinki n'kuyatsa. Pampu inayamba kugunda mpaka mbale zonse gobedegobede. Akupotokola valavu pang'onopang'ono, singano ya geji yoyezera mphamvu yokankhira madzi (m'ma bar) inkakwera: 30, 40, 50. Isanafike pa 55 invata inayamba kulira tswii tswii, sikirini ya mapu inathima, ndipo autopilot, makina owongolera boti okha, inangotaya chiwongolero. Boti linapotoloka n'kupereka nthiti ku mafunde. Thanga linawomba phwaa, ketulo inauluka, mnzathu amene ankagona m'kati anapezeka pansi ali ndi pilo m'manja. Ine ndinalumphira chiwongolero mtima uli phaphapha, uku bwana akukuwa kuchokera pansi pa sinki paja: "Wazimitsa ndani?" Palibe anazimitsa. Pampu inali itamwa magetsi onse.

Ulendo wotsalawo tinkatsukira mbale madzi amchere, ndipo kusamba kunali nkhani ya m'maloto.

Ku Mindelo tinaponya nangula pafupi ndi kaboti kakale kwambiri. Mwini wake, madala ena a ndevu zambuu oyenda okha, anatimva tikukangana za pampu, n'kupalasa kabwato kawo kubwera osaitanidwa. Sanafunse dzina la makina. Anang'amba chidutswa cha katoni n'kupempha cholembera.

"Pampu yanuyi imakankha malita angati pa mphindi?"

"Malita 8, bambo," anatero bwana wathu.

"Chulukitsani ndi 55, mugawe ndi 600. Mwapeza chiyani?"

Tinapeza 0.73. Amenewo ndi makilowati ofunika pokankha madzi pokha. Mukaphatikiza zotayika mu mota ndi mu invata mwafika mawati 1,000 kapena kuposa. Pa mabatire a mavoti 12, amenewo ndi ma amp opitirira 80, pamwamba pa firiji ndi autopilot zomwe zikudya kale. Sola yathu sinkafika ngakhale theka la zimenezo. Bwana anangoti duu, maso ali pakatoni.

Madalawo anapitiriza, ndipo apa m'pamene ineyo ndinatchera khutu kwambiri. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35. Kuti dontho labwino lidutse membrane, muyenera kupyola kaye ma bar pafupifupi 27, ndipo kuti madzi atuluke ooneka muyenera kufika cha m'ma 55. Chopweteka n'chakuti pa malita 10 alionse amene pampu yavutika nawo, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imalowa m'thanki. Enawo amatsuka membrane n'kubwerera m'nyanja akadali ndi mphamvu zawo zonse, zimene valavu ija imangozitaya. Mukulipira magetsi okankha malita 10 kuti mumwe imodzi.

Anatitengera m'boti lawo kuti tikaone makina awo. Anali a Spectra, okhala ndi chimene amachitcha Clark pump: madzi otayidwa aja, asanatuluke, amathandiza kukankha atsopano amene akulowa. Ndiye pampu yamagetsi imakhala kakang'ono chabe. Kankadya ma amp osakwana 10 n'kumatulutsa malita opitirira 20 pa ola, kakulira chapansipansi moti tinkacheza osakweza mawu. Kampani ya ku Italy ya Schenker imapanganso makina oyendera nzeru yomweyo. Tisanachoke anatidzazira zigubu zathu zonse, n'kukana chilichonse chimene tinafuna kuwapatsa.

Musathamangire kukagula. Makina otere mtengo wake ndi woti mukaumva mumayamba mwakhala pansi, ndipo zikaphwanyika za m'kati mwake simungazipeze padoko lililonse. Pampu wamba ya mapisitoni, monga za Cat Pumps, makaniko aliyense wodziwa makina otsukira magalimoto angaitsegule, ndipo imapanga madzi ambiri nthawi yochepa. Vuto lake ndi njala ya magetsi basi. Ena amaimangirira pa injini ya boti ndi lamba komanso kilatchi yamagetsi, n'kumapanga madzi nthawi imene injini ikuyenda kale. Ena amagula kajenereta ka petulo ka mawati 2,000. Mukasankha njira imeneyi, mota isapitirire horsepower imodzi, ndipo muziyatsa valavu ili yotsegula, chifukwa mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kuposa ikakhala pa liwiro.

Amene akuti angochotsa pampu pa makina otsukira galimoto, chitani, koma dziwani kuti mutu wake wa brass madzi amchere amaudya. Funani wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa nickel aluminium bronze. Ndipo musaumire ndalama ya kapampu kakang'ono koperekera madzi, koikidwa pansi pa mlingo wa nyanja. Pampu yaikulu simadziwa kuyamwa. Ikangomeza mpweya pamene boti lapendekeka, kapena sefa ikatsekeka, imayamba kugogoda, singano ya geji n'kumavina, ndipo ikudzidya yokha m'kati. Kuyambira 2011 zomera zoyandama za sargassum zachuluka kwambiri m'chigawo chotentha cha Atlantic, moti sefa yoyamba ija mudzatopa nayo kuitsegula.

Chimene chimandikwiyitsa ndi ogulitsa. Malita pa ola amawalemba ndi zilembo zikuluzikulu, osakuuzani mokweza kuti chiwerengerocho n'cha madzi ofunda madigiri 25, ndipo akazizira amatuluka ochepa. Ma amp muwafufuze nokha kumapeto kwa pepala. Za chlorine ndiye amangodutsapo, chonsecho mukatsukira membrane madzi a pampopi apadoko osadutsa pa sefa ya makala, mwaiwononga.

Bwana wathu anasankha jenereta. Mamailosi oposa 2,000 opita ku Caribbean tinamwa ndi kusamba mokwanira, kamita koyezera mchere kakuwerenga pansi pa 500 ppm (mamiligalamu 500 pa lita) nthawi zonse. Koma jenereta imafuna kukhala panja chifukwa utsi wake umapha, ndiye tinkaimangirira kumbuyo ndi zingwe, ikulira m'makutu mwa amene ali pa chiwongolero. Zigubu za petulo nazo zinatilanda malo okhala. Ndipo kuthira petulo m'kathanki kakang'ono boti likuvina pa mafunde a mamita atatu ndi ntchito imene aliyense ankaikankhira mnzake, mpaka tinachita kulemba ndandanda n'kuimata pakhomo la chimbudzi.