Ferret wathu wavulala mwendo

Abale anga, ferret wathu (kanyama koweta ka thupi lalitali, kooneka ngati likongwe) wang'ambika mwendo wakumbuyo pa waya wa mpanda kuno ku Chilenje mu Lusaka. Bala ndi lakuya, mnofu kuonekera. Adokotala a ziweto amusoka, amupatsanso mankhwala oletsa ululu ndi opha tizilombo. Fupa silinathyoke, tikuthokoza Mulungu.

Ntchito yakula pa bandeji. Kanyama aka kamatafuna chilichonse, ndipo kakameza nsalu matumbo amatsekeka, nkhani yake ndi opaleshoni basi. Tikusinthana kumuyang'anira usiku, ine ndi achemwali anga. Tamuika m'khola laling'ono kuti asakwerekwere, pansi tayala zitenje zoyera zomwe tikuchapa tsiku ndi tsiku.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kudya. Chakudya chimadutsa m'mimba mwa ferret m'maola 3 kapena 4 okha, ndiye akakana kudya amafooka msanga. Tikumupatsa nkhuku yophika yosinja, pang'onopang'ono pachala. Kutentha kwa Lusaka nakonso sikumuyanja, ferret sapirira dzuwa, tamusamutsira kuchipinda chozizira.

Chonde inu oweta ziweto, musazipatse Panadol kapena Brufen wa anthu, mankhwalawa amatha kupha. Lachisanu tibwereranso kwa adokotala kuti akaone bala.