Ngati mukulephera kupereka moni, mwathamanga kwambiri

Ambiri amene amayamba kuthamanga kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amasiya sabata yachiwiri isanathe, ndipo cholakwika chimakhala chimodzi: amanyamuka pakhomo ngati akuthamangira minibasi yomaliza ya ku Limbe. Akangodutsa mamita 300 ali wefuwefu, kukhosi kwauma, m'nthiti mukubaya, basi n'kugamula kuti zothamanga si zawo. Thupi lilibe mlandu, liwiro ndi limene lachuluka. Paja akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Muyeso wa liwiro loyenera muli nawo kale pakamwa. Mukakumana ndi amayi akupita kothyola tiyi, muzitha kunena kuti "Mwadzuka bwanji, amayi?" ndipo iwo akabweza moni muyankhe "Tadzuka bwino, zikomo" mawu osadukiza. Ngati mukungogwedeza mutu poti mpweya palibe, chepetsani. Kwa woyamba kumene, liwiro limeneli limangoposa ndawala pang'ono, mwina mpaka mwana wa sukulu wochedwa n'kukupitirirani. Musachite nazo manyazi. Pa liwiro lotsika minofu imagwiritsa ntchito mpweya umene mapapo ndi mtima zikutha kubweretsa. Mukapyola pamenepo mwalowa m'ngongole, ndipo imabwezedwa ndi befu.

Yambani ndi masiku atatu pa sabata, osatsatizana, monga Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Yendani ndawala mphindi 5 kuti thupi litenthe. Kenako thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, mubwereze zimenezi ka 8, n'kumaliza ndi kuyenda mphindi 5. Zonse pamodzi mphindi 34. Ngati mulibe wotchi ndipo foni mwasiya kunyumba, werengani phazi lakumanja: likaponda pansi ka 80, mphindi yakwana kapena yatsala pang'ono. Sabata yachitatu thamangani ziwiri, yendani ziwiri, ka 6. Pofika sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi muzithamanga mphindi 5 n'kuyenda ziwiri, kanayi. Ambiri amakwanitsa mphindi 20 mpaka 30 osaima pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Sabata ikakulemerani, ibwerezeni. Palibe amene akulemba mayina.

Msampha uli cha m'sabata yachitatu ndi yachinayi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, munthu n'kumva kupepuka, n'kuyamba kutuluka tsiku lililonse. Koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimalimba mochedwa, zimafuna miyezi. Ndiye misongolo imayamba kuwawa, kapena pansi pa bondo, kapena kuseri kwa chidendene. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera mawa lake n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa. Ululu wa pamalo amodzi, woti mungaloze ndi chala, umene ukukula mukamathamanga kapena kukutsimphinitsani, umenewo ndi woti muime. Pumani masiku angapo, ukapitirira mukaonane ndi achipatala.

Tsono nkhani ya kwathu kuno ndi zitunda. Ku Thyolo malo athyathyathya ndi osowa, ndipo woyamba amaona ngati kuyenda pachitunda n'kugonja. Ayi. Pitani ku Likhubula tsiku la Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje umene kawirikawiri umachitika mu Julayi, muone anthu okwera ku Chambe n'kudzera ku Lichenya pa mtunda wopitirira makilomita 20: pamene pachita phedi ambiri amayenda, manja ali pamawondo. Ngati iwo akuyenda, inu mukuvutikiranji? Pokwera fupikitsani mapazi, yang'anani patsogolo osati pansi, ndipo moni uja ukayamba kuvuta yendani mpaka pamwamba. Chimene chimapweteka anthu kwenikweni ndi kutsetsereka, chifukwa kumakoma. Munthu amatambasula miyendo, chidendene n'kumenya pansi kutsogolo kwa thupi, katundu yense n'kugwera pa mawondo ndi ntchafu. Potsika pondani pafupipafupi, phazi lizigwera pansi pa thupi lanu, osamenyetsa. Mukamamva mapazi anu akulira phwa phwa phwa, mukudzipweteka.

Masabata oyamba, bwalo la mpira la pasukulu ndi malo abwino kuposa msewu. Kuzungulira kunja kwa mizere ya bwalo lalikulu bwino ndi mamita pafupifupi 340, ndiye katatu mwakwanitsa kilomita. Kungoti kumatopetsa maso. Misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi ndiyo yokoma, yofewa kumapazi, phiri likuonekera uko, koma ili ndi eni ake: pemphani kwa alonda ndipo musalowe m'mizere ya tiyi. Katondo wathu akanyowa amaterera ngati sopo, makamaka nthawi ya chiperoni pakati pa Meyi ndi Ogasiti, choncho pondani pamene pali timiyala kapena udzu. Mukasankha msewu wa tala wa M2, wochokera ku Limbe kudzera pa Thyolo ndi Chitakale mpaka ku Muloza, khalani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zikubwera, poti kuno zimayenda kumanzere. Kukachita nkhungu valani malaya owala, ndipo nyimbo m'makutu ayi, chifukwa kabaza wotsetsereka atasenza matumba a makala samveka ndipo mabuleki ake ndi odalira mwayi. Galu akakutsatani imani, osathawa. Akakulumani tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Nsapato za pakaunjika pa Luchenza, Bvumbwe kapena Limbuli zimakwana, bola kusankha. Kayeseni masana phazi litafufuma pang'ono, mutavala masokosi amene muzithamangira. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale malo okwana chala chamanthu cha kudzanja. Ikathina, zala zimagunda kutsogolo potsetsereka ndipo zikhadabo zimada n'kuchoka. Ipindeni: izipindika pamene pali zala, osati pakati. Iikeni pamalo osalala muione kumbuyo, ikapendekera mbali imodzi ndiye kuti mwini wake woyamba anaidya kale, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Masokosi onyowa ndiwo amabweretsa matuza. Pamene ntchafu zimakhulana ndi m'khwapa pakani Vaseline musananyamuke.

Za kudya n'zachidule. M'mawa nthochi imodzi ndi kapu ya madzi zakwana. Mukadya nsima dikirani maola awiri kapena atatu, apo ayi m'nthiti mudzabaya. Zikatero yendani, pumirani pansi mwakuya, kumaleka kokha. Pa mphindi 30 simufunika kunyamula botolo, mukamwa pobwera, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri onjezani madzi. Mu Okutobala ndi Novembala kumacha cha m'ma 5 koloko, tulukani nthawi imeneyo dzuwa lisanakwiye. Thupi likatentha chifukwa cha matenda kapena mwangochira malungo, khalani pansi mpaka mphamvu zibwerere. A BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima ayambe afunsa kuchipatala, ndipo aliyense womva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire aime pomwepo.

Pamudzi sipalephera wofuula kuti "Achimwene, akukuthamangitsani ndani?" Amayi ndi atsikana ndiwo amazimva kwambiri, n'chifukwa chake kuthamanga awiri kapena atatu kuli bwino, ndipo wofuna kumanga kachitenje kakafupi pamwamba pa buluku lothamangira amange, sikasokoneza. Mnzanu akhale wa liwiro lanu. Akakhala mnyamata wa timu ya mpira mudzakhala mukumuthamangitsa, n'kubwerera ku vuto loyamba lija. Gwirizanani malo okumana ndi nthawi yake, monga pamjigo 5:30, chifukwa m'mawa wa chiperoni bulangeti limalemera, koma munthu sungasiye mnzako akunjenjemera pamjigo. Muzicheza njira yonse, za mpira, za mtengo wa feteleza, zilizonse. Nkhani ikayamba kudukaduka, nonse yendani.