Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: chaka chimene thanki inafa

Moni nonse abale anga. Ndiyambe ndi kuthokoza inu amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, ena mpaka kundilondola ku inbox kuti ankolo pitirizani mwatisiya m'malere. Mayi aja a ku Lilongwe amene munati mumawawerengera amuna anu usiku, zikomo, mwandilimbitsa mtima. Ndachedwa chifukwa gawo ili ndi lolemera, ndimati ndikalemba mizere iwiri n'kuika foni pansi.

Paja tinasiyira pamene bwana anga aja a ku Borrowdale kuno ku Harare amapakira katundu mu 2008, ndalama zitatha mphamvu, n'kundiuza kuti thanki yaing'ono ija ya nsomba, ya malita 200, sangapite nayo ku Durban, nditenge ineyo pamodzi ndi tinsomba tiwiri ta clownfish. Ndiyankhiretu funso limene labwera kambiri, loti bwanji ine Mmalawi ndikusunga nsomba za madzi amchere. Inde bambo anga anali a ku Nkhotakota, anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya cha ku Mvurwi, ndipo ndikudziwa bwino kuti mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi anthu amazisunga m'mathanki dziko lonse lapansi. Wina analemba kuti Mmalawi weniweni akanasunga mbuna osati zamchere za azunguzi. Achimwene, ine sindinachite kulowa mu shopu n'kusankha ayi. Ntchito imene manja anga anaphunzira ndili mnyamata ndi ya madzi amchere, ndinayamba ndi kusenza ndowa ndi kupala ndere pagalasi mpaka bwana kufika pondisiyira makiyi akapita ku holide. Mbuna ndimazipatsa ulemu wake, koma mtima unali utakodwa kale kwina.

Kuchokera 2009 mpaka 2018 palibe zambiri. Ndinakwatira mayi aja tinakumana ku kwaya ya CCAP, ana anabadwa, tinachoka ku Dzivarasekwa kupita ku Mufakose, ine ndili m'makombi kukasamalira mathanki a anthu ku Mount Pleasant ndi ku Highlands. Thanki imasamuka nafe.

Inali pabalaza, pakona pomwe anzathu amaika TV. Kuti mumvetse zimene zinadzachitika muyenera kudziwa kuti kusunga zamoyo za m'nyanja yamchere ku Harare kuno ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Nyanja yapafupi ili ku Beira, makilomita opitirira 500, ndiye madzi timachita kupanga tokha. A pampopi kapena a pa borehole simungangothira, amayamba adutsa mu fyuluta ya RO, kenako mumasakaniza ndi mchere wake wapadera, wanga umachokera ku Johannesburg pa mabasi odzera pa Beitbridge, pafupifupi magalamu 35 pa lita mpaka kachipangizo koyezera mchere ka refractometer kawerenge 1.025. Madzi akaphwa mumaonjezera opanda mchere chifukwa mchere suuluka, umatsala momwemo. Kutentha kuzikhala pa madigiri 25 kapena 26, mu October fani iziomba pamwamba pa madzi, mu June hita isazime. Ndipo pampu isaime, chifukwa makorali, nyama za m'nyanja zomera pamiyala, sayenda, chakudya ndi mpweya zimawapeza pomwe aliri ndi madzi oyenda.

Koma magetsi a buluu a pa thanki akayaka madzulo, aaa abale. Makorali anga anali a mitundu ingapo. Ma zoa anali atadzaza mwala wonse wakumanzere, obiriwira pakati, m'mphepete ofiirira. Green star polyps anayala kukhoma lakumbuyo. Pakati panali hammer wanga wamkulu amene ndinamulandira ali mutu umodzi, ndiye atagawikana mitu yambirimbiri, clownfish zija zinamusandutsa nyumba yawo poti anemone, nyama imene nsombazi zimakhalamo m'nyanja, ndinalibe. Ndiye xenia, amene amatsegula n'kutseka yekha ngati kadzanja ka khanda, tsiku lonse osatopa. Yaikulu pa nsomba ziwiri zija ndiyo inali yaikazi, zimatero nsomba zimenezi, zonse zimayamba zili zazimuna ndipo yamphamvu ndi imene imasintha. Imandidziwa, ndikalowetsa dzanja imabwera kudzandiluma chala.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi pabalaza pamadzaza ana a mu line mwathu, atakhala pansi mwakachetechete, ana oti kunja simungawagwire. Gogo wina wa ku Dedza, malemu tsopano, anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, “Mwanawe, maluwa awa ndi apulasitiki?” Ndinati ayi gogo ndi nyama zamoyo, zili ndi pakamwa, komanso m'thupi mwake mumakhala ndere zing'onozing'ono zimene zimapanga chakudya ndi kuwala, n'chifukwa chake magetsi. Ndinadontheza kachakudya pa zoa mmodzi iwo akuona, anatseka pang'onopang'ono. Gogo anaomba m'manja n'kunena kuti Chauta ali ndi nthawi. Ena amasunga thanki kuti azionera okha atakhoma geti, ine kukoma kwake kumakwana pakakhala wina pambali panga akuti taonani, taonani.

Apa ndiyenera kunena za gulu lija la pa WhatsApp la osunga ma reef, mathanki a makorali, ndife ochepa kuno ndipo ambiri ndi a kumayadi. Tsiku limene ndinaika chithunzi cha thanki yanga koyamba, bambo wina amene ndinkamutsukira thanki yake yomwe analemba poyera kuti kodi imeneyi ndi ya bwana uti. Anthu anangoti zii. Ndinajambulanso china chooneka makatani a akazi anga ndi mbaula pakona, ndinatumiza osalemba kanthu. Bambo inu ngati mukuwerenga, kapena wina akakumasulireni, dziwani kuti mawu aja ndinawasunga, ndipo korali wanu wa Acropora amene munkanyadira uja ankakula ndi madzi osakaniza ine. Koma ndisanamizire onse, m'gulu lomwelo munali anthu abwino amene ananditumizira ma test kit oyezera madzi, a calcium ndi alkalinity, osandilipitsa.

Makorali akakula amayamba kulimbana malo, amaotchana, ndiye mumayenera kudula. Tizidutswa timeneti timati ma frag. Xenia ndi lumo basi. Hammer mumacheka pa fupa lake pansi pa mutu, osakhudza mnofu, n'kumata pa kamwala ndi super glue. Ma zoa okha chonde, magolovesi ndi magalasi, ena mwa iwo ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin amene akhoza kukugonekani kuchipatala, ana ndimawatulutsa panja ndikamadula. Ma frag angawo ndimangogawa. Alamu anga ankati munthu wopanda nzeru, anthu a magalimoto akubwera kudzatenga zinthu zaulere pakhomo pa munthu wa lendi, bwanji osagulitsa. Ine chifukwa changa chinali chimodzi, thanki ija sindinagule, kudziwa konse ndinapatsidwa, ndiye ndiyambe bwanji kuwerengera munthu kachidutswa ka chinthu chomera chokha. Akazi anga ndi amene anawayankha achimwene awowo kuti kupatsa n'kuika, nkhani inathera pompo tsiku limenelo.

Mmodzi mwa amene ndinawapatsa anali mnyamata wa kutchalitchi kwathu, mdzukulu wa anthu a ku Ntcheu, wokonza makompyuta, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona. Anayamba ndi kathanki ka malita 60 pa flat yake ku Avenues. Ndinamudikiritsa mpaka madzi ake atakhwima, zoipa za m'madzi za ammonia ndi nitrite zitafika pa 0, kenako ndinamupatsa mutu umodzi wa hammer, ma zoa pang'ono ndi star polyps mu kabotolo ka peanut butter.

Ndiye kunabwera 2019. A kuno mukukumbuka. Mvula inavuta, madzi ku Kariba anatsika, magetsi amazima mpaka maola 18 pa tsiku, kubwera cha m'ma 10 usiku, m'bandakucha apita. Petulo wa jenereta anali wa pamzere, mu June boma linaletsanso kugula ndi madola a ku America, mchere wa ku Joni unasanduka chinthu chosowa. Ndinatembenuza tsiku la thanki, magetsi a buluu aziyaka usiku. Masana kapampu ka mpweya pa batire ya galimoto, thanki yokutidwa ndi mabulangete athu ogona, akazi anga akuwiritsa madzi pa gasi kuthira m'mabotolo n'kuwayandamitsa m'thanki kuti isazizire. Batire ikatha timatunga madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba, kusinthana, ngakhale mwana wathu woyamba anaphunzira. Mayi amenewa sanadandaulepo, ndikulemba pano kuti anthu adziwe.

Mu July malume anga a ku Mvurwi anamwalira, aja anandilera bambo atatisiya. Pali amene anandiuza pambuyo pake kuti ukanatsala, ukanatuma akazi okha. Ayi. Munthu amene anandigulira yunifolomu yoyamba sindikanamuika m'manda pa foni chifukwa cha nsomba, ndipo lero zitachitikanso ndikhoza kupitanso. Tinapita tonse, makiyi ndinasiyira mnyamata wa neba nditamulangiza zonse, batire ili yodzaza. Usiku womwe tinanyamukawo akuba anadula mawaya a kopa m'dera lathu, ndiye ngakhale magetsi a usiku aja sanabwerenso. Mnyamatayo anayesetsa, sindimuimba mlandu, anali mwana wa sukulu ndipo kuzizira kwa July kuno usiku kumatsika pansi pa madigiri 10.

Fungo tinalimva tili pa geti. Akazi anga anandigwira mkono n'kunena kuti abambo, ndiyambe ndine kulowa. Ndinakana. Nditachotsa bulangete madzi anali oyera mbuu, osaona mwala. Thermometer inali pa 17. Xenia ndi amene amayamba kusungunuka, ndipo akasungunuka amaononga madzi onse, zinazo zimangotsatira. Ndinalowetsa dzanja kufufuza, madzi ozizira, palibe chondiluma chala. Yaimuna ndinaipeza itakanirira pa pampu. Yaikazi inali pansi pa hammer, pamalo pake pomwe imagona, mtundu wake wa olenji utafwifwa. Hammer nditamutukula mnofu wonse unangoyoyoka m'manja mwanga n'kutsala fupa loyera, mitu yonse ija mabowo okhaokha. Ndinakhala pansi pa simenti ndi suti ya kumaliro, fupa lili m'manja. Kumanda kwa malume ndinadzigwira chifukwa ndine ndimayendetsa mwambo, koma apa ndinalira mokweza mpaka ana anathawira kuchipinda, ndipo sindingakuuzeni kuti misozi ya malume inali iti, ya nsomba inali iti. Nsomba zimene zinandiona ndili mbeta, zinasamuka nane nyumba ndi nyumba. Ndinazikwirira kuseri pansi pa mtengo wa mapeyala, mwana wanga wamkazi anabweretsa kabokosi ka machesi aakulu.

Mawa lake alamu anabwera kudzapepesa maliro, ataona thanki ili gwaa anati bola, mwina tsopano m'nyumba muno mulowa ndalama. Pamaso pa ana anga. Tinakhululukirana chifukwa ndi banja, koma alamu, mawu aja anandipweteka kuposa fungo lija, ndipo ndalemba kuti muwerenge.

Thanki inakhala youma, akazi anga amasungiramo mabuku a ana. M'gulu lija ndinatuluka. Covid inabwera, ntchito za m'mayadi zinaima, imeneyo ndi nkhani ya gawo lina.

Zitatseguka, Loweruka lina mnyamata wa ku Avenues uja anaima pakhomo ndi cooler box ndi zigubu za madzi osakaniza kale. Iye anali ndi sola, zake sizinafe. Anati, “Ankolo, zinthu zanu zandidzadzira thanki, ndilibe poika.” Ndinati mwana wanga ine ndinasiya. Sanayankhe, anangotsegula. Munali mitu itatu ya hammer yochokera pa mutu umodzi uja, ma zoa obiriwira pakati omwe aja, mtundu womwe uja wa kwa bwana ku Borrowdale. Akazi anga anayamba kutulutsa mabuku m'thanki ine ndisanalankhule. Sitinathire tsiku lomwelo, anabwerera nazo n'kundisiyira mwala wamoyo wa m'thanki yake kuti madzi anga akhwime kaye, makorali anabwera patapita milungu. Panelo ya sola ndi invata yaing'ono tinagula ndi ndalama za chipereganyu cha akazi anga, pano pampu ndi hita sizidalira magetsi a mu line.

Inu a ku Chitungwiza amene mwapempha frag, ndikupatsani ndipo simulipira, koma munditumizire kaye chithunzi cha test ya ammonia ndi nitrite, komanso mundiuze chimene chiziyendetsa pampu magetsi akazima. Gawo likubwerali ndikuuzani za nthawi ya lockdown ndi mmene ndinayambira kugulitsa tomato pa Mbare.