Makaseti Akale Pakhonde la ku Ulongwe

Ntchito yanga inali yokonza mawailesi, pakhonde la sitolo ya amalume pafupi ndi msika wa Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique. Za makasetizi zinachita kundipeza. Tsiku lina kunafika agogo ena ochokera cha ku Domwe, kaseti atayimanga pakansalu. "Mwanangu, muno muli mawu a malemu amuna anga. Anajambula tili kothawa nkhondo ku Dedza, mtendere wa 1992 usanabwere." Tepi inali yoduka, wailesi itayitafuna.

Ndinamasula tisikuluwu tisanu, nkulumikiza ndi selotepi. Apo ndinalakwitsa, kungoti ndinalibe wondiuza. Guluu wa selotepi amasungunuka kukatentha, nkumata tepi yonse yoyandikana nayo. Masiku ano ndimayitanitsa yomatira yakeyake, ndipo ndimamata kumbuyo kwa tepi, osati mbali imene imakhudza mutu wa wailesi, kachitsulo kowerenga mawu a patepi.

Kaseti imanena yokha kumene yachokera. Za ku Moatize ndi mumzinda wa Tete zimabwera zitapindika ndi kutentha. Zakuno kumapiri mdani wake ndi chinyezi: ukatsegula umapeza chuku choyera, ndiye umapukuta pang'onopang'ono ukuzunguliza ndi cholembera cha Bic. Zambiri vuto lake ndi kakang'ono, kathonje kamene kamakankhira tepi kumutu kamakhala katamatuka, mawu nkumamveka ngati munthu ali m'chitsime. Mwini wake amayesa zatha, chonsecho ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndikatha ndimathyola timano tiwiri tapamwamba, kuti mdzukulu wina asadzajambulepo nyimbo zake.

Kusamutsira mawu mukompyuta ndiye sikuthamangitsidwa. Kaseti ya C90 imafuna mphindi 90 zonse uli pomwepo, khutu lili tcheru, mutu wa makina utaupukuta ndi sipiriti. Kenako ndimawayika m'memori kadi ya foni, kaseti nkumubwezera mwini wake. Amalipira mametikali, ena makwacha poti malire a Malawi ku Calomue ali pafupi, ena ndowa ya kachewere. Sindikana.

Agogo aja anabweranso patapita zaka, selotepi ija itaononga. Ndinakonza ulele, manyazi atandigwira. Tinamvetsera limodzi. Malemuwo ankalonjera abale mmodzimmodzi, kenako nkukumbutsa mng'ono wawo za mbuzi ziwiri zimene anabwereka. Agogo anaseka mpaka misozi. "Mlamu wangayo sanabweze mpaka lero. Tabwezera pamenepo, mwanangu, ndikamumvetsere yekha."