Giya ikugunda? Yambani mwaona kebulo ya kilatchi

Ndangomva kumene wina akuti amasula giyabokisi yonse chifukwa njinga yake yamoto ikuti "gu!" akalowetsa giya 1, n'kumakwawa ngakhale wafinya kilatchi mpaka pachigwiriro. Zimandiwawa, abale, chifukwa giyabokisiyo nthawi zambiri imakhala ilibe mlandu. Apa mapuleti a kilatchi sakusiyana bwinobwino, n'chifukwa chake nyutulo imasowanso injini ikamalira.

Yambani ndi kebulo. Pa njinga zambiri liva ya kilatchi iyenera kuyenda pachabe mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake isanayambe kukoka. Ikapitirira apo, mphamvu ya dzanja imangothera m'njira. Masulani nati yotsekera, tembenuzani ajasita kuti kebulo ikungike, koma mpata usathe wonse, mwina kilatchi iyamba kuterereka n'kupsa. Kebulo yoti mawaya ayamba kuthothoka, ingosinthani. Kenako oyilo wa injini: vuto likamakula injini ili yozizira n'kuchepa ikatentha, oyiloyo ndi wokhuthala kwambiri kapena wakalamba, akumata mapuleti. Thirani wa njinga, wolembedwa JASO MA, chizindikiro choti ndi woyenera kilatchi yokhala mu oyilo.

Zikakanika izi ndiye tsegulani kavala ya kilatchi. Puleti yachitsulo iliyonse igonekeni pagalasi. Ikamagwedera, kapena filageji (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) ya 0.2 mm ikalowa pansi pake, yapindika imeneyo, makamaka ija yachita buluu ndi kutentha. Yendetsani chala m'mano a basiketi, chitsulo chomwe mapuleti amakhalamo. Timizere tokumbika tomwe mungamve pamenepo ndi pomwe mapuleti amakodwa. Tating'ono timatha ndi fayilo, tikazama basiketi isinthidwe. Mapuleti atsopano anyikeni mu oyilo kwa maola angapo musanaike, ndipo mabawuti a masipuling'i muwamange mopingasa, pang'onopang'ono, kuti puleti yopanikiza isapendeke.